Udotolo Sukanira Wochedwa, Ukanira Wosakonzeka

Mwezi wathawu, ndili pa ntchito m'boma lina la chigawo chapakati, mlangizi wina wa zaumoyo adandikokera pambali titamaliza sikelo ya ana. Ndi mayi wa zaka 34, wa ana atatu, ndipo wagwira ntchitoyi kwa zaka khumi. Adandifunsa monong'ona kuti, "Achimwene, kodi munthu wa msinkhu wanga angalote zokhala dotolo, kapena anthu andiseka?" Funso limeneli ndi la ambiri a inu awerengi, choncho tiyeni tilikambirane poyera.

Choyamba, si inu oyamba kuchedwa. Dr Hastings Kamuzu Banda adagwirapo ntchito pa mgodi ku South Africa asadapite ku America m'chaka cha 1925, ndipo adamaliza za udotolo pa Meharry Medical College mu 1937 atayandikira zaka 40. Masiku amenewo wofuna udotolo ankayenera kuwoloka nyanja. Lero sukulu zili pafupi. Ku Malawi, College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Ku Zambia kuli sukulu za udotolo ku Lusaka ndi ku Ndola. Ku Johannesburg, yunivesite ya Wits ili ndi njira yapadera ya omwe ali kale ndi digiri ina.

Komatu chilakolako pachokha sichikwanira. Yambani ndi kutulutsa setifiketi yanu ya MSCE m'sutikesi n'kuiyang'ana mosadzinyenga. Sukuluzi zimafuna kuti munthu akhale atakhoza bwino kwambiri Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi, ndipo opikisirana malo amakhala ochuluka. Ngati mapointi anu adali ofooka, lembetsani sukulu ya madzulo ndi kulembanso mayeso a MANEB. Kukhala m'kalasi limodzi ndi ana ofanana ndi mwana wanu n'kochititsa manyazi ndithu, koma paja mbewa ya manyazi idafera kuuna. Musadalire zomva kwa anzanu: werengani nokha chilengezo cha sukuluyo cha chaka chimenecho, muone zaka za setifiketi zomwe akulola, njira ya akuluakulu olowa mochedwa, ndiponso tsiku lotsekera kulandira makalata.

Chachiwiri, zaka zomwe mwagwira ntchito ndi chuma chanu. Mwana wochokera ku Folomu 4 sadaonepo mayi woyembekezera akunyamulidwa pa ngolo usiku, kapena mudzi wonse ukulimbana ndi kolera. Inu mwaona. Koma zimenezi ziyenera kukhala ndi umboni. Sonkhanitsani makalata okulembani ntchito ndi masetifiketi a maphunziro afupiafupi, ndipo pemphani msanga mkulu wa chipatala chanu kuti akulembereni kalata yokuchitirani umboni. Mukafunsidwa chifukwa chomwe mukufunira udotolo, musangoti "ndimakonda kuthandiza anthu". Fotokozani chomwe mudaona, chomwe mudachita, ndi pomwe nzeru zanu zidathera.

Chachitatu, werengerani mtengo wake. Wolowa ndi MSCE amayamba ndi chaka chokonzekera, kenaka zaka zisanu za digiri, pambuyo pake chaka ndi theka akugwira ntchito moyang'aniridwa asadalembedwe mokwanira m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Zaka zonsezi ana azifuna fizi, ndipo munda uzifuna feteleza. Funsani abwana anu za tchuthi cha maphunziro, mufunsenso ku bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu zaukachenjede ngati njira yomwe mukulowera ikukuyenerezani. Khalani pansi ndi amuna anu kapena akazi anu komanso abale, mugwirizane za yemwe azisamala ana ndi munda. Mutu umodzi susenza denga.

Pomaliza, njira yopita kwa odwala si imodzi. Dipuloma ya ukilinikala ofesa, monga ya ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo, imatenga zaka zochepa, ndipo m'zipatala za m'maboma ndi makilinikala ofesa omwe amachita maopaleshoni ambiri a amayi olephera kubereka bwino. Kuyambira pamenepo si kulephera ayi.

Mayi uja ndidamuuza zonsezi mosabisa. Adakhala chete kanthawi, kenaka adati Physical Science ndi yomwe idamugwetsa kale, ndipo ayambira pomwepo. Sindidamulonjeze kuti adzasankhidwa, pakuti palibe angalonjeze zimenezo. Chomwe ndikudziwa n'chakuti pofika chaka chamawa adzakhala atalembanso mayeso, ndipo mwana wake wamkulu adzakhala ataona amayi ake akuwerenga pa nyali usiku. Nanga inu setifiketi yanu ili kuti?