Nkhokwe yomangidwa yaing'ono dala

Loweruka lapitali ku Mchengautuwa ndinapeza mwana wa mlongo wanga ali pakhonde, nkhope itagwa, foni ili m'manja. "Amalume, malo atha. Ndapeza chilombo chosowa koma ndilibe pochiika." Ankasewera Pokémon GO, masewera aja oyenda ndi foni m'misewu kusaka tizilombo tongojambula.

Ndinayamba ndaseka, kenako mtima unandiwawa.

Satoshi Tajiri wa ku Japan, amene anayambitsa Pokémon, ali mwana ankatola tizilombo m'tchire, monga ife tinkachitira pothamangitsa ziwala kapena kudikira ngumbi pachulu mvula ikagwa. Masewera ake atatuluka pa kamakina koseweretsa ka Game Boy mu 1996 anali ndi mitundu 151, ndipo mabokosi osungiramo ankalowa zilombo 240 basi. Malire amenewo anali oona. Kakaseti kanali kochepa, ndipo ndowa ya ngumbi ikadzaza, yadzaza.

Lero mitundu yapitirira 1,000, ndipo zilombo za Pokémon GO zimasungidwa m'makompyuta akuluakulu a eni masewera, momwe chilombo chimodzi ndi timanambala chabe, tosafika n'komwe pa chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp. Komatu masewerawa atayamba mu 2016 wosewera ankapatsidwa malo 250 okha. Kuti uwonjezere malo 50 umalipira makobidi 200 a m'masewera momwemo, ndipo aulere sapitirira 50 patsiku. Wosafuna kudikira amagula ndi ndalama zenizeni. Munthu wakuuza kuti kolola zonse, wakumangira nkhokwe yaing'ono dala, kenako wakhala pakhomo n'kumakugulitsa nsungwi zokulitsira.

Ena amati malirewa amaphunzitsa mwana kusankha. Sindikana kwenikweni: mnyamata uja anatha theka la ola akuyerekeza mphamvu za tizilombo take, kuti aone toti apereke kwa Professor Willow wa m'masewerawa posinthana ndi maswiti. Homuweki ya masamu sanaichitepo ndi mtima wotere. Koma ngati ndi phunziro, bwanji limathera pomwe walipira? Mwana wa bambo wa khadi la kubanki sasankha kanthu, amangounjika.

Wathuyu anali atalipira kale, chifukwa masewerawa satseguka popanda bandulo, ndipo bandulo ija inachokera pa ndalama ya tomato ya mayi ake. Anataya tizilombo khumi, n'kudzuka kuthamangira kumsewu. Chosowa chija chinali chitazimiririka kale.