Phiri si dzala

Achinyamata anzanga mwa Khristu,

Masiku ano magulu athu ambiri akukwera phiri la Mulanje. Mumanyamuka ku Likhubula m'bandakucha, n'kulimbana ndi chitunda cha ku Chambe thukuta lili kamukamu, n'kutsika dzuwa litapendeka, mawondo akunjenjemera. Zimenezo n'zoyamikika. Koma mabotolo ndi majumbo amene mumataya m'njira adzatola ndani? Nanga moto umene mumausiya usanazime?

Mumati mwapita kukaona ulemerero wa Mulungu. Ulemerero wake uti, pamene mkungudza, mtengo umene mwachilengedwe umamera m'phiri lokhali, ukutha ndi nkhwangwa ndi moto wolusa? Musaloze chala ocheka matabwa okha. Wotaya zinyalala ndi wodula mtengo maganizo awo ndi amodzi: phiri lilibe mwini. Limenelo ndi bodza, ndipo ndi tchimo. Mwini wake alipo.

Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adatikumbutsa kuti dzikoli ndi nyumba yathu tonse. Mose adavula nsapato pa phiri la Horebu chifukwa malowo adali oyera. Inuyo kukukanikani n'kutola botolo lanu lomwe? Ngati simungatsike ndi zinyalala zanu, khalani kunyumba.

Ambuye akudalitseni.