Laputopu yokomoka musaigulitse ngati yakufa

Mphunzitsi wa kumudzi akagula laputopu sagula cifukwa ca kunyada ai. M'menemo ndimo asunga mafunso a mayeso ndi mamakisi a ana, monganso mlangizi wa zaulimi asungamo maina a alimi olandira feteleza. Ndiye cifukwa cake timva cisoni poona munthu wotere atanyamula makina ake kucokera ku Chadiza kapena ku Vubwi, kufika nawo mu Chipata, nabwerera atawagulitsa pa mtengo wa nkhuku ziwiri popeza wina wamuuza kuti "bodi yapsa." Nthawi zina yapsadi. Koma ilipo nthenda ina imene ioneka ngati imfa pamene kuli kukomoka cabe, ndipo tifuna owerenga athu aidziwe.

Mkati mwa laputopu, pa bodi yaikulu, pali kacipangizo kakuda kocepa ngati njere ya cimanga, kawirikawiri ka miyendo 8. M'menemo muli malangizo oyamba ochedwa BIOS, amene adzutsa makina onse Windows isanayambe. Opanga makina atumiza malangizo atsopano nthawi ndi nthawi, ndipo powalowetsa, akale ayamba afafanizidwa, atsopano nalembedwa pambuyo pake. Magetsi akazima pakati pa nchito imeneyi, kapena munthu akalowetsa malangizo a mtundu wina wa laputopu, kacipangizoko katsala ndi zosakwanira. Mukadina batani feni izungulira, kanyali kayaka, koma pagalasi pali bii.

Za kuzima kwa magetsi sitifunika kuuzidwa. M'caka ca 2024, cilala citaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi anayamba kuzima maola 8 pa tsiku m'mwezi wa March, ndipo pambuyo pake maolawo anaculuka kwambiri. Laputopu ya batire yabwino ipirira zotere. Koma ya salaula, imene batire yake inatha kale, izima pamodzi ndi babu la m'nyumba.

Tsono ikakomoka mucitenji? Coyamba musaitsegule ndi mpeni. Opanga ena anasiya khomo lakuseri. Pa makina ambiri a HP, munthu agwira mabatani a Windows ndi B pamodzi, nadina batani loyatsira, ndipo makina ayesa kudzilembanso okha. Pa ambiri a Dell agwira Ctrl ndi Esc pamene alowetsa caja. Nthawi zina pafunika fulashi yokhala ndi malangizo a mtundu womwewo wa laputopu, otengedwa kwa opanga eni ake. Galasi likhoza kukhala lakuda kwa mphindi zingapo. Apa ndi pofunika mtima wa kuona maso a nkhono, pakuti wozimitsa msanga aononganso zimene zinali kucira.

Zikakanika zimenezi, nchito itsala ndi ya mmisiri. Pali kacida kochipa kochedwa CH341A, kokhala ndi kopanira pa miyendo ya kacipangizo kaja, kamene kalemba malangizo kucokera ku kompyuta ina. Mmisiri wodziwa ayamba wakopera ndi kusunga zimene apezamo, zingakhale zoonongeka, cifukwa kawirikawiri m'menemo mulinso nambala ya makinawo. Aonanso mphamvu ya magetsi, popeza tizipangizo tina tifuna mavoti 1.8 pomwe tina tifuna 3.3, ndipo wolakwitsa apa ndiye aocha bodi imene sinapse.

Apa ndipo pali dandaulo lathu. Kusintha bodi yonse ndi kosavuta ndiponso kwa phindu lalikulu, makamaka ngati mwini wasiya yakaleyo pa thebulo. Sitinena kuti amisiri athu onse ndi acinyengo, ambiri a iwo anadziphunzitsa okha movutikira. Koma amene sadziwa kulemba BIOS anene poyera kuti sadziwa, natumize munthu kwa mnzake, m'malo mogamula imfa. Nanunso mwini, funsani: "Kodi mwayesa kulembanso BIOS?" Yankho lake lidzakuuzani ngati mwafika pa khomo loyenera.

Ndipo ngakhale makina atakanikiratu, maina a alimi ndi mamakisi a ana sali mu kacipangizo kaja. Ali mu diski, imene pa makina ambiri icotsedwa ndi kuwerengedwa pa kompyuta ina. Wogulitsa laputopu pamodzi ndi diski wagulitsa nkhokwe cimanga cili momwemo, ndiponso wapereka maina a anthu kwa mlendo. Cenjezo ndi limodzi: ngati diski inakhomedwa ndi BitLocker, padzafunika kiyi ya manambala 48. Ilembeni m'buku lero, makina akali kuyaka.

Aphunzitsi aakulu ndi akulu a maofesi aike lamulo lakuti malangizo atsopano a BIOS asalowetsedwe popanda batire yodzaza ndi caja yolumikiza. Kumene batire inafa, nchitoyo idikire kufikira apeze ina.