Ngwazi za pa Kaunjika

Loŵeruka lina ndidapita kukacheza ndi ana okonzekera kulandira Ukaristia woyamba pa tchalitchi china chakumudzi, pakati pa Nsaru ndi Kabudula. Pamzere wakutsogolo padakhala mnyamata wovala malaya ofiira, ndipo pachifuwa pa malayawo panali chithunzi cha munthu wobisa nkhope. Ndidaloza chithunzicho nkufunsa kuti, "Kodi uyu ndani?" Ana onse adayankha pamodzi ngati adachita kupangana, adati, "Spider-Man!" Ena adaimirira nkuyamba kundiwonetsa m'mene amaponyera ulusi wake wa kangaude. Phokoso litazizira, ndidafunsa mwini malaya uja dzina lake la ubatizo. Adati ndi Kizito. Ndidafunsanso kuti, "Nanga Kizito woyerayo anali yani?" M'tchalitchi monse mudangoti zii. Mnyamatayo adaŵerama nkumatokosa pansi ndi chala chakuphazi. Koma manyazi enieni adagwira ine, pakuti mwana sadziphunzitsa yekha.

Amene amayenda m'misika yathu, kaya pa Namitete, pa Mpingu kapena pa Nambuma, akudziŵa kumene zinthu zimenezi zikuchokera. Belo la kaunjika likamasulidwa, pakati pa zovala za ana sipalephera kutuluka malaya a Superman, a Batman kapena a Spider-Man. Pabenchi loyandikana nalo mupeza zikwama za kusukulu, nsapato, mabotolo a madzi ndi zigoba zapulasitiki zophimba kumaso, zonsezo zili ndi zithunzi zomwezo. Mumzinda wa Lilongwe zafika ndi pa keke ya tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwana. Alendo ameneŵa adaloŵa m'nyumba zathu osaodira, ndipo ife makolo ndi abusa sitidaŵafunse ngakhale dzina.

Tsono tiyeni tiŵafunse. Superman adayamba kuwoneka m'chaka cha 1938 ku America, m'kabuku ka zithunzi kotchedwa Action Comics, kamene kankagulitsidwa masenti 10. Adampeka ndi anyamata aŵiri, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, ndipo adamgulitsa kwa eni kampani pa madola 130 okha. Kampaniyo idalemera kwabasi, pamene aŵiriwo adakhala zaka zambiri akuvutika ndi kudandaula m'mabwalo a milandu. Batman adatsatira mu 1939, Spider-Man mu 1962. M'chaka cha 2009 kampani ya Disney idagula kampani ya Marvel, eni ake a Spider-Man, pa madola pafupifupi 4 biliyoni. Mu 2024 kabuku kamodzi ka Action Comics koyambirira kaja kadagulidwa pa madola 6 miliyoni, chifukwa kumaikoko kuli anthu akuluakulu amene amasonkhanitsa timabuku ndi tizidole totere, nkumatisunga m'magalasi monga ife timasungira zotsalira za anthu oyera. Ngwazi zimenezi zidabadwira pamalonda, zidakulira pamalonda, ndipo sizifa chifukwa malonda salola kuti zife.

Ndikumva kale mai wina akunena kuti, "Abambo, mukukulitsa nkhani. Aŵa ndi malaya chabe. Ine ndidagula chifukwa anali otsika mtengo ndiponso olimba." Mai, mwanena zoona, ndipo mulibe mlandu. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha mu November 2023, kuveka mwana kwasanduka nkhondo, ndipo wansembe amene angadzudzule kholo chifukwa chogula pa kaunjika ndiye kuti sadziŵa mtengo wa sopo. Ndikuvomeranso kuti ndalama zanu sizifika nkomwe kwa eni makampani aja, popeza zambiri mwa zinthuzi nzovalavala kale kapena nzongotengera. Komabe malaya okhala ndi chithunzi amalankhula. Ife Akatolika sitingakane zimenezi, ife amene timakoloŵeka mendulo pakhosi pa khanda ndi kupachika mtanda pakhoma. Timatero chifukwa tikudziŵa kuti chimene maso a mwana amaona tsiku ndi tsiku chimatsikira mumtima. Ngati chithunzi cha Amai Maria chimaphunzitsa, nanga bwanji tikuganiza kuti chithunzi cha munthu wa zibakera sichiphunzitsa kanthu?

Pali china chondidabwitsa koposa. Dera lathu lino ndi kwao kwa gule wamkulu. M'zaka za m'ma 1920 mkangano pakati pa amishoni ndi eni gule udakula zedi kuno ku Chigawo cha Pakati, ndipo kwa nthaŵi yaitali mkhristu wopita kudambwe ankaimitsidwa masakramenti. Mabanja adagaŵikana, abale adaleka kudyera mbale imodzi. Pambuyo pake ena mu Eklezia adayamba kufufuza modekha tanthauzo la zilombo, monga Bambo Claude Boucher amene adayambitsa Kungoni ku Mua mu 1976, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika guleyu pakati pa chuma cha mitundu yonse ya anthu. Sindikufuna kudzutsa mlandu wakalewo pano. Ndingonena kuti makolo athu a mbali zonse ziŵiri ankadziŵa kuti nkhope yobisika siili chinthu choseŵera nacho. Ankafunsa kuti, ikuphunzitsa chiyani, ikutumikira yani? Ife zidzukulu zao tikugula chigoba chochokera kutsidya kwa nyanja, nkumveka mwana ndi manja athu omwe, osafunsa funso ndi limodzi lomwe. Kodi chinthu chimasanduka chosalakwa chifukwa choti nchapulasitiki ndipo nchochokera kwa Azungu?

Bodza loyamba limene ngwazi zimenezi zimauza mwana ndi lakuti mphamvu amachita kuvala. Ndidaŵerengapo mapemphero pambali pa bedi la mnyamata wina wa zaka zisanu ndi ziŵiri, amene adamanga chitenje cha mai wake pakhosi nkudumpha kuchokera pa denga la nkhokwe. Mkono udathyoka paŵiri. Anzake adamuseka, koma iye sadalakwe maganizo ai: adangokhulupirira zimene adaona m'nyumba ya kanema pamsika, kumene mwana amatuluka ataiŵala nkhani yonse, nkutsala ndi nkhonya ndi kuuluka basi. Christopher Reeve, amene adaseŵera ngati Superman m'kanema wa mu 1978, adagwa pa kavalo mu 1995 nkufa ziwalo kuyambira m'khosi, ndipo adakhala pa njinga ya olumala mpaka imfa yake mu 2004. Kulimba mtima kumene adaonetsa pa njingayo kudaposa zonse za m'kanema, koma palibe wamalonda amene amasindikiza njinga ya olumala pa malaya a ana. Kumbukirani Davide pamene ankapita kukakumana ndi Goliati. Mfumu Saulo adamveka zovala zake zankhondo, koma mnyamatayo adalephera kuyenda nazo, adazivula, natenga miyala ya mumtsinje imene dzanja lake lidaizoloŵera. Mphamvu yobwereka imalemera.

Bodza lachiŵiri ndilo loopsa kwambiri, chifukwa limagwira ndi akulu omwe. M'nkhani zonsezi anthu wamba alibe ntchito ina koma kukuwa, kuthaŵa ndi kuyang'ana kumwamba mpaka mpulumutsi atatulukira. Abale anga, kodi matenda ameneŵa ngachilendo pakati pathu? Mjigo ukaonongeka timadikira bungwe limene lidaukumba. Mlatho ukakokoloka timadikira phungu. Denga la tchalitchi likadontha timadikira abwenzi akunja. Ambuye Patrick Kalilombe, atakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972, adaitanitsa msonkhano waukulu wa dayosizi umene udayenda kuyambira 1973 mpaka 1975, ndipo m'menemo mudamera miphakati imene tikusonkhanamo lero. Cholinga chake chinali chakuti akhristu a pamudzi azitumikirana okha, azilalikirana okha, ndipo azidzidalira. Mphakati umaphunzitsa kuti mutu umodzi susenza denga. Kanema uja amaphunzitsa kuti denga lonse lidzasenzedwa ndi munthu mmodzi wodabwitsa, inu mungoima nkumaomba m'manja. Maphunziro aŵiriŵa sangagone m'nyumba imodzi mwamtendere.

Wina anganene kuti, "Nanga nthano za Kalulu ndi Fisi si zopeka nazonso?" Inde nzopeka, ndipo ine sindidana ndi nkhani zopeka. Ndikudziŵanso kuti ena mwa makanemaŵa ali ndi mfundo zabwino, monga kutchinjiriza ofooka. Koma nthano ya agogo inali yaulere, inkakambidwa pamoto ndi munthu wokudziŵa dzina, ana nkumavomera kuti "tili tonse", ndipo inkatha ndi phunziro. Kalulu sadauzepo mwana kuti akalirire chikwama chokhala ndi nkhope yake. Nkhani za masiku anozi zidakonzedwa kuti zisathe, kuti ukagula malaya ufunenso chikwama, ukagula chikwama ufunenso nsapato. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono mlandu waukulu suli pa wogulitsa kaunjika, amene akungofuna ufa wa ana ake. Uli pa ife, ndipo ndiyambe ndi ife ansembe ndi akatekisti. Mtima wa mwana umalakalaka ngwazi, ndipo njala imeneyo adaiika ndi Mulungu. Ife tidaipatsa maina ouma oloŵeza pamtima, amalonda adaipatsa nkhani. Chikhalirecho nkhani zathu nzoopsa kuposa zao, ndipo zidachitikadi. Kizito anali mnyamata wa zaka pafupifupi 14, wotumikira ku nyumba ya mfumu Mwanga ya ku Buganda. Iye ndi anzake adakana zonyansa zimene mfumu inkafuna, adakananso kutaya chikhulupiriro. Karoli Lwanga adambatiza usiku, imfa ili pakhomo, ndipo pa 3 June 1886 adatenthedwa pa moto ku Namugongo. Papa Paulo VI adaŵalemba m'gulu la oyera mu 1964. Benedict Daswa anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ku South Africa, bambo wa ana 8. Mphezi zitatentha nyumba m'mudzi mwao, anthu adagwirizana zosonkha ndalama kuti sing'anga aloze mfiti. Iye adakana kusonkha, chifukwa ankadziŵa kuti mapeto ake nkuphetsa munthu wosalakwa. Adamupha pa 2 February 1990, ndipo Eklezia adamutcha Wodala mu 2015. Onseŵa analibe chigoba. Adaima poyera, nkhope zao zikudziŵika, alibe mphamvu ina koma ya kunena kuti ai. Adatengera Mbuye wao, amene ngakhale anali ndi mphamvu zonse sadatsike pamtanda pamene ankamtonza kuti atsike.

Sindikukupemphani kuti mukatenthe malaya a ana anu. Kuteroko nkupusa, ndiponso nkuononga. Ndikupempha zinthu zapafupi. Mwana akavala Spider-Man, khalani naye pansi, mumfunse chimene amamkondera munthuyo, ndipo mumvetsere yankho lake. Kenaka muuzeni za woyera amene adatenga dzina lake pa ubatizo. Ngati simukudziŵa, kafunseni kwa akatekisti Lamulungu likubwerali. Muuzeninso za agogo ake amene adalera ana amasiye asanu ndi khasu lokha, za namwino wogwira ntchito usiku wonse ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete, za mnansi amene adakana kuchitira umboni wonama pabwalo la amfumu. Inu amene Mulungu adakudalitsani ndi ndalama ya keke ndi zidole, dzifunseni ngati tsiku la ubatizo wa mwanayo mumalikumbukira nkomwe. M'mera mpoyamba.

Ndidabwereranso ku tchalitchi chija patapita masabata atatu, ndipo ndidakamba nkhani ya ku Namugongo kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, osafulumira. Ana adakhala duu. Nditamaliza, mnyamata uja, atavala malaya ake ofiira omwe aja, adakweza dzanja nkufunsa kuti, "Abambo, kodi motowo unkamuŵaŵa?" Ndidamuyankha kuti inde, unkamuŵaŵa kwambiri. Adakhala chete kanthaŵi, kenaka adafunsanso kuti, "Nanga bwanji sadathaŵe?" Funso limenelo makolo ake ndi ine tili nalo ngongole, ndipo yankho lake silipezeka m'belo lililonse.