"Wedding" ndi chikole, abale anga

Abale anga akumudzi ndi inu a m'tauni, ndili ndi kankhani, mundipirire.

Mwana wa mlongo wanga akulowa m'banja. Chinkhoswe tinachita kale, tinasinthana tambala ndi msoti, ife ankhoswe tinadziwana. Ndiye dzana foni yochokera m'tauni: "Amalume, chija chinali chiyambi chabe, wedding yeniyeni ikubwera." Akuti holo, keke yosanjikiza, galimoto zamaluwa, wojambula vidiyo. Mapeto ake akuti ndigulitse ng'ombe zanga ziwiri zapangolo.

Usiku tulo sindinatione. M'mawa ndinauza mnyamata wanga wa Fomu 4 kuti andifufuzire m'dikishonale komwe mawu akuti wedding anachokera. Zimene anandiwerengera zinandiseketsa.

M'Chingerezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, munali mawu akuti "wedd". Tanthauzo lake linali lonjezo, kapena chinthu chimene munthu amapereka potsimikiza kuti sabweza mawu. Kwathu kuno chimenecho timati chikole! Mpaka lero ku Germany kuli mawu achibale ake, "Wette", otanthauza kubetcha, kuika kanthu pa mawu ako. Muli keke m'menemo? Muli holo?

Ndiye kuti Angerezi akale, eni ake mawuwa, ankayang'ana lonjezo lopangidwa pamaso pa abale, ngati mmene timachitira ife. Ngakhale lamulo lathu la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wamwambo mofanana ndi wakutchalitchi kapena wa kwa DC. Nanga chinkhoswe chikuchepa pati?

Musandimve molakwa. Phwando ndimalikonda, perekaniperekani ndimavina mpaka fumbi koboo. Kudalitsa ukwati kutchalitchi ndi chinthu chabwino, ndipo tipita. Chimene ndikukana ndi ngongole. Taona mabanja akuyamba ndi katapila, zithunzi zokongola zili pakhoma koma m'nkhokwe mulibe kanthu, pofika Febuluwale ayamba kulozana zala. Nthawi imeneyo oimba ndi ojambula aja sapezeka. Amene timadzutsidwa usiku kukaweruza ndife ankhoswe.

Choncho ng'ombe sindigulitsa. Ndi zimene zimatuta manyowa ndi chimanga cha mbumba yonse, kuphatikizapo matumba amene mumadzatenga inu a m'tauni. Ndipereka mbuzi imodzi, matumba awiri a chimanga ndi mawere a thobwa. Ndalama ya holo ija, ngati ilipo, agulireni anawa feteleza ndi malata.

Amene ndakulakwirani, tidzakambirana pa Khirisimasi mukabwera. Thobwa mudzalipeza.