Mlendo Pansi pa Nyanja

Kuli anthu amene pa masiku awo opuma amabvala magalasi kumaso, nabereka botolo la mpweya kumsana, natsikira pansi pa nyanja kukaona zombo zimene zinamira kalekale. Masewerawa ngochuka kwambiri pa nyanja zisanu zikuluzikulu za ku North America, zochedwa Great Lakes, m'mene munamira zombo zikwizikwi.

Madzi a m'nyanjazi ngozizira ndiponso alibe mcere, cotero mulibe tizilombo toboola matabwa timene timapezeka m'nyanja zamcere. N'cifukwa cace combo cimakhalitsa osaola. Ku Tobermory, m'cigawo ca Ontario ku Canada, kuli combo ca matabwa cochedwa Sweepstakes, cimene cinamangidwa mu 1867 n'kumira mu 1885. Cili pansi mamita 6 okha, ndipo thupi lace likali logwirana. Kuyambira 1987 malowa ali m'paki ya Fathom Five, ndipo lamulo siloleza kucotsamo kanthu, ngakhale msomali umodzi.

Masewerawa safuna phuma. Pa mamita 10, mphamvu yopanikiza thupi imakhala kawiri kuposa ya pamtunda, ndipo mpweya wa nayitirojeni umalowerera m'magazi. Munthu akabvuuka mofulumira, mpweyawo umacita thobvu monga cakumwa ca m'botolo cotsegulidwa mwadzidzidzi, ndipo akhoza kupuwala kapena kufa. Tsono osambira ongosangalala sapitirira mamita 40, satsika okha, ndipo pobwerera amaima mphindi 3 pa mamita 5.

Koma pali lamulo lina loposa awa. Zombo zina ndi manda. Pa 10 Novembala 1975, combo cacikulu conyamula miyala ya citsulo, Edmund Fitzgerald, cinamira ndi namondwe m'nyanja ya Superior. Amuna onse 29 anafera momwemo, ndipo palibe mtembo umene unabvuulidwa. Combo cili pansi mamita 160. Mu 1994 anthu ena anatsikako ndi kasitima koyenda pansi pa madzi najambula mtembo pafupi ndi comboco. Taganizani mtima wa amasiye atamva zimenezi!

Pa 4 Julayi 1995, mabanja a omwalirawo atapempha, belu la comboco linabvuulidwa, ndipo m'malo mwace anaikamo lina lolembedwa maina onse 29. Belu loyambalo limasungidwa ku Whitefish Point, m'cigawo ca Michigan. Caka ciliconse pa 10 Novembala limalizidwa ka 30: kamodzi kwa mwamuna aliyense, ndipo komaliza kwa onse amene anafera m'nyanjazo. Mu 2006 boma la Ontario linaletsa kutsikira kumeneko popanda cilolezo.

Ife sitikudabwa nalo lamuloli. Kumanda sapitako popanda kupempha kwa eni mudzi, ndipo sateemako nkhuni za kunyumba ngakhale mitengo itauma bwanji. Kuya kwa madzi sikucepetsa ulemu wa munthu wogona pansi pace, ndipo luso lotha kufika pamalo silipatsa munthu ufulu wocitapo zimene afuna.

Kusambira pakati pa zombo zakale si kulakwa ai. Ambiri amaphunzirako mbiri ndi kudzicepetsa. Cofunika n'cakuti wotsikayo afunse kaye ngati munafera anthu, ayang'ane ndi maso osati ndi manja, nabwerere opanda kanthu. Akulu anati mlendo ndi mame. Mame akauma, udzu umatsala monga anaupezera.