Kompyuta imodzi isamasunge kaundula yemweyo kasanu

Foni, laputopu, ngakhale printa ya mu ofesi ya aphunzitsi aakulu, chilichonse cholumikizidwa pa netiweki chili ndi nambala yake yotchedwa MAC address. Imaoneka chonchi: B8:27:EB:12:34:56. Ndi magulu asanu ndi limodzi, mabiti 48 onse pamodzi. Magulu atatu oyambirirawo, omwe amatchedwa OUI, amaulula kampani yomwe inapanga chipangizocho. B8:27:EB ndi ya Raspberry Pi Foundation, 00:00:0C ndi ya Cisco. Kampani imachita kugula OUI ku bungwe la IEEE la ku America, ndipo OUI imodzi imakwanira zipangizo 16,777,216.

IEEE imasunga kaundula wa makampani onsewa, ndipo aliyense angathe kumukopera kwaulere pa intaneti. Mpaka apa zonse zili bwino. Zimene sindigwirizana nazo ndi zomwe mapulogalamu amachita ndi kaundulayu.

Tengani kompyuta ya Linux. Nmap, pulogalamu yofufuza zipangizo zomwe zili pa netiweki, imabwera ndi kope lake lotchedwa nmap-mac-prefixes. Wireshark inakonza lake, dzina lake manuf. Pulogalamu ya arp-scan ili ndi ieee-oui.txt, systemd ili ndi 20-OUI.hwdb, hwdata nayo ili ndi oui.txt. Onsewa anatunga pachitsime chimodzi, koma anatunga masiku osiyana.

Malo otayika mu kompyuta si nkhani yaikulu: ndi mamegabayiti ochepa chabe, ngakhale amene amagula bandulo ndi ndalama yakeyake sangakonde kukopera chinthu chimodzi kasanu. Vuto lenileni ndi lakuti makopewa amakalamba mosiyana. Ganizirani sukulu yomwe mphunzitsi aliyense anakopera yekha rejisitala ya Fomu 3 mu teremu yoyamba. Mu teremu yachiwiri kwabwera wophunzira watsopano. A Biology amulemba, a Masamu sanamvebe. Mwana yemweyo, pa piriyodi ina ndi wa m'kalasimo, pa piriyodi ina ndi mlendo. N'chimodzimodzi pa netiweki. IEEE imalembetsa ma OUI atsopano nthawi ndi nthawi, ndiye pulogalamu ina ikuuzani dzina la kampani, inzake pa kompyuta yomweyo n'kulemba kuti Unknown. Woyang'anira labu ya makompyuta akaona zimenezi aganiza kuti wina waba pasiwedi ya Wi-Fi, chikhalirecho ndi printa yatsopano ija.

Palinso china. Mu 2014 IEEE inakonzanso kagawidwe ka manambalawa, ndipo makampani ang'onoang'ono amatha kugula kagawo kochepa, ka MA-M kapena MA-S, komwe chizindikiro cha kampani ndi mabiti 28 kapena 36 m'malo mwa 24. Pulogalamu yongowerenga magulu atatu oyamba siingatchule kampani yeniyeni ya chipangizo chotere. Aliyense wosunga kope lake anayenera kukonza zimenezi payekha. Ntchito imodzi, anthu asanu, eti.

Olemba mapulogalamuwa ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zopusa ayi. Nmap ndi Wireshark zimagwiranso ntchito pa Windows ndi macOS, komwe sizingayembekezere kupeza kaundula woikidwiratu. Wina amadula maadiresi a makampani kuti fayilo ichepe, wina amafupikitsa mayina kuti akwane pa sikirini. Ndikuvomereza. Wolemba Nmap anyamule kope lake, palibe mlandu.

Koma amene amasonkhanitsa mapulogalamu kukhala Linux imodzi, monga a Debian kapena a Fedora, alibe chowiringula chimenechi. Iwo amadziwa chilichonse chimene chilowe mu kompyuta yanu. A Debian ali nalo kale yankho: phukusi la ieee-data, lomwe limaika kaundula wa IEEE pamalo amodzi. Ine ndikuti pulogalamu iliyonse iziwerenga pamenepo, kapena fayilo yake izipangidwa kuchokera pamenepo. Kukonza kamodzi, onse n'kumva.

Musanathamange kukaimba mlandu kaundula wakale, dziwani kuti mawu oti Unknown ali ndi gwero linanso. Kuyambira pa Android 10 ndi iOS 14, mafoni amapeka MAC address yongogwiritsa ntchito pa Wi-Fi, kuti anthu asamakutsatireni paliponse pomwe mwalumikiza. Nambala yopekayi mulibe mu kaundula aliyense. Kuizindikira n'kosavuta: yang'anani chilembo chachiwiri. Chikakhala 2, 6, A kapena E, nambalayo sinagulidwe ku IEEE. Chikakhala china koma dzina la kampani osaoneka, yambani mwafunsa kuti kope la pulogalamu yanuyo ndi la chaka chiti.